Chitenje Chamaluwa Achikasu pa Thumba la Ababa

Lolemba, 15 Januwale 1996

Tafika kuchipatala masana, ine ndi Ababa. Ndikulemba m'kope langa lakale la Sitandade 7 limene linatsala ndi masamba. Dokotala akamalankhula ine ndimangoti eya, eya, ndikatuluka zonse zauluka. Ndiye ndizilemba, kuti achimwene a Rashidi akabwera ndidzawawerengere.

Ababa atha masiku awiri osakodza. Sanandiuze. Ndinangowamva akubuula kuseri kwa nyumba, atagwira mzati wa thandala loyanikapo matemba. Pansi pa mchombo panatupa ngati chipanda. Anthu a kwathu pa Kachulu anawanyamula n'kuwakweza matola. Msewu ndi matope okhaokha, galimoto ikagwa m'dzenje iwo amaluma kolala ya mkanjo.

Woyenera kubwera nawo kuno ndi mwamuna. Koma chiumire nyanja chaka chatha, amuna a kwathu anasamukira ku nyanja ya Malombe ndi maukonde awo, achimwene nawonso ali komweko. Amayi anatisiya kale. Ndatsala ine.

Anawalowetsa m'kachipinda, ine ndinakhala panja. Potuluka anali atawaika kapaipi kotulutsa mkodzo, kokathera m'thumba la pulasitiki. Ululu unali utatha koma sanandiyang'ane. Anamwino atapachika thumbalo m'mbali mwa bedi, ndinavula chitenje changa chapamwamba, chija chamaluwa achikasu, n'kuliphimba. Apo m'pamene anatembenuka.

"Wachita bwino, Zainabu."

Lachiwiri, 16 Januwale

Wodi ya amuna yadzaza, ena agona pansi. Ife magadiyani aakazi amatitulutsa kukada. Timagona kushedi, komwenso timaphikira.

Dokotala wathu ndi a Dickson, aafupi, olankhula mofulumira. Anafunsa Ababa kuti usiku amadzuka kangati, mkodzo umatuluka ndi mphamvu kapena modontha, zinayamba liti. Ababa anandiyang'ana. Ndinadzuka n'kukaima pakhonde. Zinazo ndinamvera pawindo.

Ababa amati ndi likodzo, munthu aliyense wa kunyanja amalidziwa, mankhwala ake anamwapo kangapo. Dokotala anati ayi. Anati amuna ali ndi kachiwalo pansi pa chikhodzodzo, dzina lake prositeti. Munthu akamakula kamatupa n'kufinya njira ya mkodzo. Kutupako kuli mitundu iwiri: kwa ukalamba chabe, komwe amachotsa ndi opaleshoni munthu n'kuchira, ndi kwa khansa. Atawapima ndi chala anati n'kakakulu koma n'kosalala, zimene zili zabwino, koma chala chokha sichikwanira.

Atenga magazi m'timabotolo tiwiri. Koyamba n'koonera impso, ayeza konkuno. Kachiwiri n'ka prositetiyo, amati P.S.A. Anamwino andilembera zilembozo padzanja. Kameneko kapita ku Blantyre chifukwa kuno makina ake kulibe. Akuti yankho limachedwa.

Lachitatu, 17 Januwale

Pabedi loyandikana ndi lathu pali a Grain, alimi a mpunga a ku Likangala. Matenda ndi omwewa. Iwo thumba lawo saliphimba, amayenda nalo m'manja ngati akupita kumsika. Akazi awo, mayi Elenala, ndi amene amawatayira, uku akuwakalipira kuti asamalendeweze pamaso pa anthu akudya.

"Che Bakali," anatero a Grain kwa Ababa, "nyanja yanu inauma, ndiye mwati nanunso muume?"

"Anaiumitsa ndinu a mpunga. Madzi onse munatsekera kumtunda."

"Ndiye atigwira tonse awiri. Onani, aliyense amupatsa ngalande yakeyake."

Ababa anaseka mpaka kugwira pamimba. Chiumire nyanja ndinali ndisanawamve akuseka.

Ababa thumba lawo amakataya okha. Amalikulunga m'chitenje chija n'kupita nalo kuchimbudzi pang'onopang'ono. Ine ndikaona akudzuka ndimayang'ana kukhoma.

Lachinayi, 18 Januwale

Za impso zatuluka. Nambala yake ndi 340. Ya munthu wabwinobwino sipitirira 120. Dokotala anati mkodzo unkabwerera m'mbuyo n'kupweteka impso, koma popeza njira yatseguka zitha kuchira. Chofunika n'kumwa madzi ambiri, chigubu chathunthu tsiku lililonse, ndi mapiritsi a Bakitirimu, awiri m'mawa awiri madzulo. Nambala ikatsika kufika pansi pa 150, za ku Blantyre n'kubwera bwino, awalemba opaleshoni.

Mayi Elenala andibwereka chigubu. Ndimachidzaza m'mawa, ndimagwada, ndimachiika pamodzi ndi kapu ndi chakudya, n'kutuluka. Kwathu mwana wamkazi sakhala n'kumapenyerera bambo ake akudya.

"Iwe ndiwe gadiyani kapena mlendo?" anandifunsa mayi Elenala. "Umaika mbale ngati ukudyetsa ng'ona."

Ndinangomwetulira.

Loweruka, 20 Januwale

Bambo wa pabedi la pakona wamwalira m'mawa. Anali atawonda kwambiri, dzina la matenda ake anthu amangonong'ona. Nayenso anamutenga magazi kangapo. Ababa anapenya mpaka machira atatuluka.

Masana kunabwera Che Hamisi, aja ogulitsa nsomba pa Kachulu, ndi nthochi. Ndawapempha atumize uthenga ku Malombe. Atamva za magazi anati, "Mpaka ku Blantyre? Mmm." Anayamba za mvula.

Atapita, Ababa analankhula akuyang'ana kudenga.

"Magazi akapita kutali chonchi, ndiye kuti aonamo kanthu kamene sakufuna kundiuza."

"Akuti makina kuno kulibe, Ababa."

"Amatero."

Lolemba, 22 Januwale

Mwezi waoneka. Lero tayamba kufunga, osadya osamwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Ramadhani yanga yoyamba kukhala kutali ndi kwathu. Kushedi ndilipo ndekha Msilamu, anzanga akamaphika masana ndimakakhala pansi pa mtengo.

Ababa chikulire changa sanadumphepo tsiku, ngakhale ali m'bwato. Ndinawafunsa ndili chogwada.

"Ababa, inu simufunga, eti?"

"Wodwala safunga. Ukufuna undiphunzitse ine chipembedzo?"

Ndinachita manyazi.

Chowavuta ndi swala, mapemphero athu a tsiku ndi tsiku. Ndinawamva akuuza a Grain kuti munthu sangaime pamaso pa Mulungu mkodzo ukutuluka. "Ndikatawaza, kudziyeretsa ndi madzi, ndisanamalize n'komwe, wadontha kale."

"Ife kutchalitchi timalowa ndi zilizonse," anatero a Grain, "bola chopereka."

Ababa sanaseke.

Lachiwiri, 23 Januwale

Magazi ena a impso: 190. Yatsika. Dokotala anawagwira paphewa n'kunena kuti apitirize kumwa choncho, atsala pang'ono.

"Nanga aja a ku Blantyre?"

"Sanabwere, bambo."

Ababa anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zomwe amayembekezera.

Madzulo anandipempha ulusi wa ukonde umene unali m'chikwama chawo. Ati manja akuwayabwa, sanazolowere kukhala osagwira kanthu. Ndinawapatsa.

Lachisanu, 26 Januwale

Zikuyenda bwino. Chigubu ndikuchipeza chopanda kanthu, mbale zopukutidwa. Anamwino akafunsa ngati akumwa ndimati eya. Akafunsa ngati mkodzo ukutuluka, Ababa amagwedeza mutu, ine n'kuti eya.

Ayambanso kuswali, chokhala pabedi, nkhope kuloza kuwindo la kumpoto. Ndakondwa. Mtima wawo wakhala pansi.

Mayi Elenala anandisungira mpunga wa kwawo ndi nyemba mpaka dzuwa litalowa. Anati, "Idya, mwana iwe. Wawonda ngati ndiwe wodwalayo."

Lamulungu, 28 Januwale

Mvula tsiku lonse. Obwera kuchokera kumudzi akuti madzi ayamba kusonkhana kumathiriro a mitsinje, ana akugwira milamba m'matope.

Milomo ya Ababa yauma, yang'ambika. Akuti ndi mapiritsi.

Lachiwiri, 30 Januwale

A Grain apita ku opaleshoni. Iwo anafika ife tisanabwere, zawo za ku Blantyre zinabwera kale. Akuwakankha pamachira anati, "Che Bakali, ndatsogola kukalambula ngalande. Mubwere pambuyo, musachedwe ngati matola a pa Kachulu."

Abwerako masana, osalankhula, thumba lawo lofiira ndi magazi. Mayi Elenala akhala pansi tsiku lonse maso ali pathumbalo. Likachedwa kudontha amathamanga kukaitana anamwino. Ine ndinadabwa kuti angathe kuliyang'ana choncho.

Ababa akugona kwambiri. Ndikawapatsa moni amayankha mochedwa.

Lachinayi, 1 Febuluwale

Thupi latentha, akunjenjemera. Ayeza malungo, sanawapeze. Dokotala anakweza chitenje pang'ono, ine ndinayang'ana pansi. Ndinamva akuti, "Ochepa bwanji chonchi?" Ababa anati angotaya kumene.

Asiya mapiritsi, ayamba jekeseni katatu patsiku. Atenganso magazi a impso.

Lachisanu, 2 Febuluwale

560.

Dokotala anayang'ana pepala nthawi yaitali. Kenako anayang'ana ine.

"Mtsikana iwe, bambowa akumwadi madzi?"

"Eya."

"Umawaona akumwa?"

Ndinapukusa mutu.

Awaika diripi. Pofika masana singano inali itatuluka, bedi litanyowa. Ababa akuti inachoka yokha akutembenuka.

Ndili ndi mantha.

Loweruka, 3 Febuluwale

Mayi Elenala anandipeza kushedi ndikutsuka mapoto. Anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Tiye. Amuna anga ali ndi zokuuza. Akapanda kunena, ndinena ndine."

A Grain anali chogona, osandiyang'ana. Ababa anali m'tulo.

"Chemwali, bambo akowa akufunga. Chiyambire mwezi wanu uja. Chakudya amapatsa wodwala wina wopanda gadiyani. Madzi ndinkawathirira ndine pawindo pano, nditapita ku opaleshoni anayamba kuthira okha. Dzuwa likalowa amamwa kapu imodzi basi. Ati akamwa zambiri thumba lidzaza nthawi ya swala."

"Nanga bwanji simunanene?" Anafunsa ndi mayi Elenala, osati ine.

"Anandipempha ngati mwamuna mnzawo. Ndimaona ngati n'za kupemphera chabe."

"Muuzeni zinazo," anatero mayi Elenala.

A Grain anatseka maso. "Kweza nsaluyo. Akamva dokotala akubwera amamasula, akapita amabwezera."

Ndinaima nthawi yaitali. Kenako ndinakweza.

Thumba linali lopanda kanthu, pansi pake timadzi tochepa tofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Pamwamba pa thumbalo kapaipi anakapinda pawiri n'kukamanga ndi ulusi wa ukonde uja ndinawapatsa. Mfundo yake ndi ija amamangira ukonde kuchingwe, imene anandiphunzitsa ndili mwana. Ukaikoka imalimba. Kuti imasuke umaikankha kumbuyo ndi chikhadabo. Ndinaimasula. Munatsika zoyera ngati phala lamadzimadzi, zonunkha.

Ababa anadzuka. Anaona dzanja langa pa kapaipi.

"Chotsa dzanja."

Sindinachotse.

"Zainabu. Ndine bambo ako."

"Eya, Ababa."

"Thumba ili linandilanda swala, ndinapeza njira yanga. Tsopano iwe ukufuna undilande kufunga. Ine ndikupita, mwanangu. Magazi aja sakubwera chifukwa akuopa kundiuza. Undisiye ndipite ndili woyera."

Ndinakaitana anamwino. Anachotsa kapaipi kaja n'kuika kena, ulusi anautaya. Sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanandikalipira.

Chitenje ndachipinda, ndachiika m'chikwama.

Lamulungu, 4 Febuluwale

Mayi Elenala sanapite kutchalitchi. Anapita okha kumzikiti wa m'tauni, anabwera ndi shehe. Shehe anakhala pabedi n'kuuza Ababa kuti Mulungu anamupeputsira wodwala, masiku amadzabweza akachira, ndipo munthu wa matenda odontha amatawaza n'kuswali choncho, swala yake imalandiridwa.

Ababa anamvetsera mwaulemu. Kenako anati, "Zonsezo ndimazidziwa, shehe. Koma wodzabweza ndi amene adzakhalepo."

Alola diripi dzuwa likalowa basi. Anamwino akuti munthu wamkulu sangamumange manja. Ndakhala pambali pawo tsiku lonse, kapu ili m'manja. Sanandilankhule.

Lolemba, 5 Febuluwale

Za ku Blantyre zabwera.

Dokotala anapeza Ababa akusinza, ndiye anandiitanira pakhonde. Ndinawapempha alankhule pang'onopang'ono. Anatero.

Nambala ya P.S.A. ndi 6. Yabwino kwambiri imakhala pansi pa 4, koma kwa munthu wa prositeti yaikulu, amene mkodzo unamutsekera mpaka kuikidwa paipi, 6 si yoopsa. Ya khansa yofalikira imakwera kufika makumi angapo, ngakhale mazana. Magazi okha sanena zonse, akachotsa chotupacho amakachipimanso. Koma akaphatikiza ndi zimene anamva ndi chala, iwo akuti ndi kutupa kwa ukalamba. Ya a Grain inali 9.

"Nanga Edzi?" Ndinafunsa motsitsa, mpaka anaweramira kwa ine kuti amve.

"Sitinayeze zimenezo. Anakuuza ndani?"

"Palibe. Ndiye ndikawauze kuti chiyani?"

"Ukawauze kuti matenda amene anabwera nawo ndi ochizika. Chikuwapha ndi ludzu ndi mfundo ija."

Ndinalowa. Sindinagwade pansi, ndinakhala pabedi penipeni. Ndinawagwedeza mpaka anatsegula maso. Ndinanena zonse, mawu onse, chikhodzodzo, prositeti, njira ya mkodzo, zinthu zimene sindinatchulepo pamaso pa mwamuna aliyense. Nkhope yanga inkatentha.

"Ukunama kuti ndimwe."

"Funsani a Grain."

"Yanga inaposa yanu, Che Bakali," anatero a Grain. "Ngakhale pa zimenezi mpunga waposa matemba. Ndipo ndi uyu ndili pano, mawa ndiyamba kuyenda."

Ababa anandiyang'ana m'maso, nthawi yaitali.

"Si khansa?"

"Ayi."

"Si zinazo?"

"Sanayeze n'komwe. Sanaziganize."

Anatembenukira kuwindo. "Dzuwa lili pati?"

"Pamutu."

Anatambasula dzanja. Ndinawapatsa kapu. Anati Bisimila, anamwa. Sindinatuluke. Kanali koyamba kuona mmero wa Ababa ukuyenda akumeza. Anamwa yachiwiri, theka linatayikira pachifuwa. Analola diripi.

Mayi Elenala anatuluka panja. Pobwera maso anali ofiira, ati utsi wa kushedi.

Lachiwiri, 6 Febuluwale

Diripi mabotolo atatu. Jekeseni katatu. Madzi akumwa koma ena akusanza.

Thumba ndikutaya ndine. Kuyambira m'mawa mpaka kutitulutsa: theka la kapu.

Lachitatu, 7 Febuluwale

910.

Mapazi atupa, nkhope yatupa. Akudzikanda thupi lonse. M'kamwa mukutuluka fungo la mkodzo. Diripi aichepetsa chifukwa madzi akukhala m'thupi osatuluka.

Dokotala anati mafinya aja anakwera mpaka ku impso, zinapeza impsozo zili zouma kale. Makina otsuka magazi kuno kulibe. Ngati zidzuke, zidzuka zokha. Opaleshoni sangachite nambala ili choncho.

Ndinafunsa, "Zimadzuka?"

"Nthawi zina."

Ndakhala pansi, maso pathumba, monga ankachitira mayi Elenala. Ndimawerengera madontho mumtima mpaka kusokoneza.

Lachinayi, 8 Febuluwale

Achimwene a Rashidi afika masana. Uthenga unawapeza mochedwa. Anandipeza ndikuthira za m'thumba m'kachitini kuti ndione kuchuluka kwake. Anandikokera pakhonde.

"Iwe, zimenezi wayamba liti? Sukuchita manyazi? Anthu akamva kumudzi adzati chiyani?"

Ndinawatambasulira kachitiniko. "Ndiye tayani inu."

Anakayang'ana, sanakalandire.

Ndinatenga kope n'kuwawerengera kuyambira tsiku loyamba. Nditafika pa mfundo ija anati ndisiye. Anakhala pansi atagwira mutu. Kenako anadzuka, anatenga kachitini kaja n'kupita nako kuchimbudzi.

Lachisanu, 9 Febuluwale

A Grain awachotsa kapaipi dzulo, lero awatulutsa. Akukodza okha. Anaima pabedi la Ababa atagwira chipewa, ndimayesa anena nthabwala. Anangoti, "Che Bakali, mpunga ukacha ndidzabwera nawo ku Kachulu." Kwa ine sananene kanthu. Mayi Elenala anandikumbatira, chigubu andisiyira.

Ababa mutu ukusokonekera. Akuti madzi abwerera mpaka padoko, akuuza achimwene akankhe bwato lisanawombe mwera. Nthawi zina akuitana Amayi.

Chamadzulo anazindikira kwa kanthawi. Anandigwira dzanja.

"Zainabu. Masiku amene ndadumpha, ukuwerenga?"

"Ndikuwerenga, Ababa."

"Uwerenge bwino. Ndidzabweza mu Juni, kukazizira. Masiku amakhala aafupi."

"Eya, Ababa."

M'thumba lero mulibe choti n'kutaya.

Loweruka, 10 Febuluwale

Ababa amwalira m'mawa, dzuwa litangotuluka. Ndinali nditalowa kumene. Achimwene anawanong'oneza mawu a chikhulupiriro m'khutu n'kuwatseka maso. Anamwino anachotsa kapaipi, ine ndinagwira thumba.

Achimwene apita kukafuna galimoto. Tiyenera kufika kwathu lero kuti amuna akawasambitse, aikidwe dzuwa lisanalowe. Ine ndikulongeza katundu. Kapu, mbale, mkanjo. Chitenje chachikasu chili pansi pa chikwama. Sindikudziwa ngati ndidzachivalanso.

Pabedi la a Grain agonekapo kale wina, mkulu wa chisoti choyera, wa kwa Kuntumanji. Wabwera ndi mpongozi wake, mtsikana wa msinkhu wanga. Anamwino atapachika thumba, mtsikanayo anavula nsalu yake n'kuliphimba, akuyang'ana kumbali.

Sindimatha kulankhula ndi anthu osawadziwa. Komabe ndinapita kwa mtsikanayo.

"Achemwali, musaphimbe."

Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Ndi apongozi anga."

"Awa anali bambo anga," ndinatero ndikuloza bedi lathu.

Ndinachotsa nsaluyo ndekha, ndinaipinda n'kumupatsa m'manja.

"Muziliyang'ana. Likasiya kudzaza muziitana anamwino. Akamamwa muzikhala pomwepo."

Mkuluyo anatembenukira kukhoma. Mtsikanayo anaima ndi nsalu m'manja, akuyang'ana bedi lathu lopanda munthu. Kenako anakhala pansi n'kuyang'ana thumba.

Achimwene akuitana. Galimoto yafika.